Anavala jezi ya Flames maulendo 159, koma ife timaloweza za Arsenal

Imani pa siteji ya minibasi ya pa Ginnery Corner Loweruka masana, mufunse anyamata amene akudikira galimoto za ku Limbe kuti akutchulireni osewera 11 a Arsenal. Akutchulirani onse, n'kuwonjezeranso mtengo umene aliyense anagulidwa komanso amene wavulala bondo sabata ino. Kenako afunseni kuti ndani anasewerera Flames masewero ambiri kuposa wina aliyense. Ambiri anena kuti Kinnah Phiri, poti ndilo dzina lakale limene linawafika m'khutu. Ena aponya dzina la Gabadinho. Yankho lake ndi Young Chimodzi wa Silver Strikers, amene anavala jezi ya dziko lino maulendo 159 kuyambira 1979 mpaka 1995. Zaka 16 akuitanidwa ku timu ya dziko, aphunzitsi akubwera n'kumapita, iye ali pompo.

Sindikunyoza aliyense wokonda mpira wa ku England. Nanenso ndimaonera. Chimene chimandiwawa n'chakuti ife ophunzira, amene ntchito yathu ndi kuwerenga, kufufuza ndi kulemba, talola kuti mbiri ya masewero a dziko lathu izikhala m'mitu ya madala basi, ndipo dala aliyense akatisiya amapita nayo kumanda. Osewera amene ndiwatchule pano ankautha mpira. Tawaiwala chifukwa zimene anachita sizinasungidwe pamalo pamene mwana wobadwa mu 2004 angazipeze mosavuta.

Mayina amene ali pamwamba pa mndandanda

Pambuyo pa Chimodzi pali Jack Chamangwana, amene ochemerera anam'patsa dzina loti Africa. Ankatchinga kumbuyo ku Wanderers, anali kaputeni wa Flames, ndipo anasewerera dziko lino maulendo 133. Atapita ku South Africa anasewerera Kaizer Chiefs, kenako anakhala mphunzitsi wa timu yomweyo. Taganizani bwino: Mmalawi kuphunzitsa Chiefs, timu imene theka la anthu a ku Soweto sagona ikaluza. Anaphunzitsanso Young Africans ya ku Tanzania. Anamwalira mu May 2018 ku chipatala cha Queens, pamtunda woyenda wapansi kuchokera pamene ambiri a ife timaphunzira. Masiku amenewo nyuzipepala zinadzaza ndi zithunzi zake, ndipo achinyamata ambiri ndi pamene anamva koyamba kuti kunali munthu wotereyu.

Wachitatu ndi wachinayi pa mndandandawo ndi apachibale: Lawrence Waya, amene ankatchedwa Lule, masewero 129 ndi zigoli 28, ndi Harry Waya, masewero 126. Mlongo wawo ndi Mary Waya wa ntchemberembaye, amene anasewerera Malawi Queens masewero oposa 200. Phatikizani nokha. Banja limodzi linaimirira dziko lino pa masewero oposa 450. Kumayiko ena nkhani yotere akanaijambula filimu kalekale.

Ngakhale Kinnah Phiri amene timati timam'dziwa, timangom'dziwa theka. Ambiri a msinkhu wathu amam'kumbukira ngati mphunzitsi amene anapititsa Flames ku Angola mu 2010. Koma monga wosewera anamwetsa zigoli 71 m'masewero 117 a timu ya dziko. Didier Drogba anasiyira pa 65 ku Côte d'Ivoire, Samuel Eto'o pa 56 ku Cameroon. Mkangano wa m'makalasi ndi m'mahosteli wa omwetsa zigoli a mu Africa umayambira pa Drogba n'kuthera pa Salah, dzina la Kinnah osamveka n'kamodzi komwe.

Anthu amenewa anabweretsa zikho. Flames inatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, inachitetezanso mu 1979, n'kudzachitenganso mu 1988. Mu 1984 inapita koyamba ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Côte d'Ivoire, ndipo mumzinda wa Bouaké inafanana mphamvu ndi Nigeria 2-2, Clifton Msiya atamwetsa chimodzi mwa zigolizo. Nigeria imeneyo inakafika mu fainolo. Mu 1987 ku Nairobi, pa masewero a All-Africa Games, Flames inabwerako ndi mendulo ya nambala 3 itagonjetsa Cameroon, dziko limene chaka chotsatira linakhala akatswiri a Africa.

Chimene chimatiiwalitsa

Chifukwa choyamba ndi kanema. Dziko lathu linakhala ndi wayilesi ya kanema yakeyake mu 1999. Zonse zimene anachita a Chamangwana, a Msiya ndi anzawo zinafika kwa anthu kudzera pa wayilesi ya MBC ndi m'nyuzipepala. Mawu a pa wayilesi amapita ndi mphepo, pepala limadyedwa ndi chiswe kapena kukulungira mandasi. Mbadwo wathu umakhulupirira chimene wachiona pa foni. Chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali mu January 2022 chili pa YouTube, ndipo zidzukulu zathu zidzachiona. Wosewera wa mu 1979 alibe mwayi umenewo, ndiye m'maso mwathu zimangokhala ngati sanasewerepo.

Chachiwiri ndi kawerengedwe kathu. Timawerenga zigoli zokha, ndiye otchinga kumbuyo, osewera pakati ndi magoloboyi amathera m'chimbulimbuli. Tonse timakumbukira kuti pa 11 January 2010 ku Luanda, Flames inathambitsa Algeria 3-0, timu imene inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Zigoli anamwetsa ndi Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Koma ziro ija ya mbali ya Algeria inali ntchito ya anthu enanso: kaputeni Peter Mponda ndi anzake kumbuyo, ndi Swadick Sanudi pagolo. Mponda anasewerera Flames masewero oposa 100, ndipo anali m'gulu la Bullets limene mu 2004 linafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. N'chimodzimodzi mu 2022 ku Cameroon. Tsiku limene Flames inalepherana ndi Senegal 0-0, Sadio Mané ali m'bwalo, amene anasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse anali goloboyi Charles Thomu. Senegal imeneyo ndi imene inanyamula chikho. Lero tikamakamba za mpikisano umenewo timangoti chigoli cha Gaba, kwatha.

Ku ntchemberembaye vutoli ndi lalikulu kwambiri chifukwa cha malamulo a masewerowo. Mwa osewera 7 a timu, awiri okha ndi amene amaloledwa kuponya mpira m'golo. Asanu enawo angathamange mpaka miyendo kutupa, mayina awo saoneka pa chiwerengero cha zigoli. Mu April 2018 ku Gold Coast, Queens inagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth. Mwawi Kumwenda anatamandidwa, ndipo zinali zomuyenera: ndi yemwe anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa World Cup ya 2015 ku Sydney. Komabe mpira kuti umufike Mwawi umayenera kulandidwa kaye kwa adani ndi kudutsa pakati, ndipo imeneyo inali ntchito ya anthu ngati Towera Vinkhumbo, Joanna Kachilika ndi Takondwa Lwazi. Vinkhumbo waimirirapo dziko lino m'masewero awiri osiyana, ntchemberembaye ndi mpira wamiyendo. Ndi angati mwa ife amene tikudziwa zimenezi?

Nanga Mary Waya? Queens isanakhale dzina lotchuka, iye anali kale m'bwalo. Anali m'gulu limene linathera pa nambala 5 padziko lonse ku Auckland mu 2007, ndipo anapitiriza kusewerera dziko ali ndi zaka zoposa 40. Atsikana amene lero akusewera ku England ndi ku Australia akudutsa pakhomo limene anatsegula a m'badwo wake, amene ankaphunzira mpira pa simenti ya pa Blantyre Youth Centre dzuwa likuswa mtengo.

Chachitatu ndi ndale za nthawi imeneyo. Ernest Mtawali anapita ku South Africa m'zaka za m'ma 1980, dzikolo lili lochotsedwa mu FIFA chifukwa cha tsankho. Kumeneko ankadziwika kuti Ernest Chirwali. Ali ku Bloemfontein Celtic anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo mu 1985. Anadzasewereranso Mamelodi Sundowns, Toulouse ya ku France, komanso Newell's Old Boys ya mumzinda wa Rosario ku Argentina, nthawi imene Lionel Messi anali kamnyamata m'timu ya ana ya kalabu yomweyo. Zaka zimene mpira wake unali pachimake anazithera kutali ndi maso a Amalawi, pansi pa dzina lina. Ochemerera achikulire a ku Bloemfontein amamudziwa bwino kuposa ophunzira a ku Chichiri.

Zimene zinachitikira Chitalu ndi Gibson

Kuti muone mtengo wa kusasunga mbiri, taonani anzathu a ku Zambia. Mu 2012 Messi anamwetsa zigoli 91 m'chaka chimodzi, ndipo dziko lonse linati waposa 85 za Gerd Müller za mu 1972. Bungwe loyendetsa mpira ku Zambia linadzuka n'kunena kuti m'chaka chomwecho cha 1972 Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107. FIFA inakana kutsimikiza, ponena kuti siisunga ziwerengero za mipikisano ya m'mayiko. Chitalu mwiniwake sakanatha kudziyankhulira: anafa pa ngozi ya ndege ija ya mu 1993 kufupi ndi Gabon, ali mphunzitsi wa timu ya dziko lake. Umboni wokhawo unali m'nyuzipepala zakale, ndipo unayamba kufunidwa mothamanga patapita zaka 40.

Ku America kuli nkhani yofanana nayo imene inatha mosiyana. M'masewero a baseball, aja omenya kampira ndi ndodo, anthu akuda sankaloledwa kusewera mu ligi yaikulu mpaka 1947, pamene Jackie Robinson analowa. Iwo anali ndi maligi awoawo, otchedwa Negro Leagues. Katswiri wawo wina, Josh Gibson, anamwalira mu January 1947 ali ndi zaka 35, miyezi yochepa Robinson asanatsegule chitseko. Kwa zaka zambiri za luso lake zinkangomveka m'nkhani za okalamba. Koma kunali anthu wamba, ena aphunzitsi, ena ongokonda masewero, amene anakhala zaka akufukula nyuzipepala zakale za anthu akuda, kulemba zotsatira za sewero lililonse limodzilimodzi. Mu 2020 Major League Baseball inavomereza kuti maligi aja, kuyambira 1920 mpaka 1948, anali maligi aakulu. Mu May 2024 ziwerengero za osewera oposa 2,300 zinalowetsedwa m'mabuku a ligiyo. Tsiku lomwelo Gibson anakhala nambala 1 m'mbiri yonse pa kamenyedwe ka mpira: pa maulendo 1,000 alionse amene ankaima kuti amenye, ankamenya bwino maulendo 372, pomwe Ty Cobb, amene anakhala pamwamba kwa zaka pafupifupi 100, anali pa 367.

Gibson sanamenye mpira wina uliwonse pambuyo pa 1947. Chimene chinasintha ndi chakuti kunapezeka anthu okhala pansi ndi kuwerenga. Ulemu umene timaukamba umayambira pamenepo.

Zimene ena anganene

Mnzanga wina akhoza kunena kuti akale aja sanatenge chikho cha Africa, sanapite ku World Cup, ndiye tiwakweze chifukwa chiyani. Funso labwino, koma tiyeze ndi muyeso woyenera. Mu 1984 ku mpikisano wa Africa kunkapita matimu 8 okha. Lero kumapita 24. Kukhala m'gulu la matimu 8 a mu Africa yonse, osewera ambiri akugwira ntchito zina masana n'kumakachita zokonzekera madzulo, sichinali chinthu chamasewera. Ndipo ngati muyeso ndi World Cup, ndiye kuti palibe Mmalawi wa mpira wamiyendo amene tingamulemekeze, ngakhale amene timawaimbira m'manja lero.

Wina anganene kuti wosewera wopuma sadya ulemu. Akufunika ndalama, mankhwala ndi pokhala. Izi n'zoona, ndipo tonse tinamvapo pa wayilesi mapempho a thandizo la katswiri wakale amene wagonekedwa m'chipatala. Koma ziwirizi zimayendera limodzi. Kampani imaika ndalama pa dzina limene anthu akulidziwa. Munthu woiwalika saitanidwa kukayankhula pa wayilesi, sapatsidwa ana oti awaphunzitse, salembedwa ntchito yotsatsa malonda. Kuiwalika kumabweretsa umphawi wakewake.

Palinso amene angati ulemu umaperekedwa kale. Inde, umaperekedwa mwa apo ndi apo. Ku Lilongwe kuli bwalo la masewero a m'nyumba lotchedwa dzina la Griffin Saenda, mphunzitsi wa Queens. Ndi chinthu chabwino, koma dzinalo linaikidwa mwiniwake atapita. Chizolowezi chathu n'chakuti mawu okoma onse timawasungira tsiku la maliro, nkhata zili pamwamba pa bokosi, pamene woyenera kuwamva sangamvenso.

Chaka chomwe tinaika m'manda Chamangwana, pano pa Ginnery Corner panabuka mkangano wa chiboliboli cha Mahatma Gandhi chimene chinkafuna kuimikidwa pafupi ndi chipatala cha Queens. Achinyamata anasaina makalata okana, nkhani inapita ku khoti, ntchito inaimitsidwa. Tinaonetsa kuti tikhoza kugwirizana pa munthu amene sitikumufuna pamsewu wathu. Mphamvu yomweyo sitinaiikepo pa funso linalo, la anthu athu amene tikufuna kuti ana athu aziwadziwa.

Ntchito ili pakhomo pathu

Chimene chimandipatsa chiyembekezo n'chakuti zipangizo zonse zili pafupi. Maofesi a Times ndi a Nation ali pa Ginnery Corner pomwepa. Malawi News inayamba kutuluka mu 1959, ndiye masewero a m'ma 1970 ndi m'ma 1980 analembedwa ndi atolankhani amene anali m'bwalo. MBC ili ku Chichiri, nyumba yosungiramo zinthu zakale ilinso ku Chichiri, bwalo la Kamuzu lili pomwepo. Ku Mandala House kuli laibulale ya Society of Malawi, ndipo ku Zomba kuli National Archives. Pakati pa zonsezi pali MUBAS, imene chaka chilichonse imatulutsa ophunzira a utolankhani ndi a zamakompyuta. Ena anayambapo kale: Mario Antoine analemba buku la mbiri ya mpira wa dziko lino kuyambira nthawi ya Nyasaland. Koma ntchito yotere siingathe ndi munthu mmodzi kapena awiri.

Chaka chilichonse ophunzira a chaka chomaliza timavutika kusaka mitu ya kafukufuku, ndipo ambiri timathera pa mitu yomweyomweyo imene anzathu analemba kale kakhumi. Bwanji wina osatenga mpikisano wa 1978, n'kulemba sewero lililonse, amene anasewera, amene analowa m'malo mwa mnzake, amene anali pagolo? Bwanji wa zamakompyuta osamanga malo a pa intaneti pamene munthu angalembe dzina la wosewera n'kuona zaka zake, matimu ake ndi masewero ake? Wina atenge foni yake, apite kwa mayi amene anasewerera Queens m'ma 1990, akhale nawo maola awiri, awajambule akufotokoza mmene ankayendera, zimene ankalandira, ndi amene anali wovuta kumutchinga. Kuli Wikipedia ya Chichewa imene ili ndi nkhani zochepa kwambiri, ndipo aliyense wa ife akhoza kulembamo usiku umodzi. Zimenezi sizifuna nduna kapena bajeti ya boma. Zimafuna ndalama ya minibasi, bandulo ndi kuleza mtima.

Kwa a FAM, a bungwe la ntchemberembaye ndi eni matimu, pempho langa ndi laling'ono. Pa sewero lalikulu lililonse, Maule akamakumana ndi Manoma bwalo litadzaza, itanani wosewera mmodzi wakale, makamaka wa kumbuyo kapena wa pagolo, ayende pakati pa bwalo nthawi yopuma, woulutsa mawu awerenge zimene anachita. Mphindi zitatu zokha. Ndipo yambani lero kusunga bwino ziwerengero za ligi ya amuna ndi ya amayi, kuti atsikana amene anasewera limodzi ndi Temwa Chawinga pamene Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 asadzasowe m'mabuku zaka 30 zikubwerazi.

Nthawi siili mbali yathu. Kinnah Phiri anabadwa mu 1954, ndipo anzake a timu ya 1978 amene adakali moyo ali m'zaka za m'ma 60 ndi 70. Ena amakhala m'matauni athu momwemuno, timakwera nawo minibasi imodzi, kondakitala n'kumawakalipira kuti asunthe. Amene akukumbukira mmene masewero aja anayendera akuchepa chaka ndi chaka. Ngati kwanu kuli agogo, amalume kapena aneba amene anasewerapo mu ligi kapena m'timu ya dziko, apezeni tchuthi chikubwerachi, muwafunse, mulembe mayina ndi zaka zake molondola, ndipo zimene mwapezazo muziike poti ena aziwerenga.